Magetsi akathima akuba amalowa: komiti ya m'dera iyambire pati?

Funso: Ndine mlembi wa komiti ya chitetezo imene tangoyambitsa m'dera lathu kuno ku Kasungu boma. Magetsi akumathima pafupipafupi, nthawi zina mpaka masiku angapo, ndipo usiku umene kuli mdima ndi umenenso nyumba ndi maokala akuthyoledwa. Mwezi watha anthu ena anafuna kuba mawaya pa thiransifoma yathu. Pamsonkhano anthu anagawikana. Ena akuti tisonkhe ndalama tilembe anyamata olondera, ena akuti tipite ku ESCOM tikachite zionetsero, pomwe achinyamata akuti wakuba tikamugwira tizithana naye tokha chifukwa kupolisi amatuluka mawa lake. Tiyambire pati?
Mlembi wa komiti, Kasungu

Yankho: A mlembi, zikomo polemba. Ndiyamba ndi maganizo a achinyamata anuwo ngakhale mwawaika kumapeto, chifukwa ndi okhawo amene angathetse komiti yanu usiku umodzi n'kusiya ena mwa inu ali m'chitokosi.

Lamulo limalola munthu wamba kugwira munthu amene wamuona akupalamula mlandu waukulu monga kuthyola nyumba. Lamulo lomwelo limati mukamugwira mumupereke kwa apolisi mosachedwa. Palibe pamene likukupatsani mphamvu yomumenya kuti aulule anzake, yomuyendetsa m'misewu ali womangidwa, kapena yomulipitsa chindapusa. Akafera m'manja mwa gulu, mlandu wake ndi wakupha, ndipo sugwera yekhayo amene anaponya mwala womaliza. Wogwira miyendo, wobweretsa chingwe, wokuwa kuti "muotcheni", onsewa angathe kuimbidwa mlandu umodzi. Apolisi akafika m'mawa, oyamba kufunsidwa ndinu a komiti, popeza ndinu odziwika. Chinanso, mumdima anthu amalakwitsa. Wozingidwa ndi gulu angathe kukhala mlendo amene watsika basi ya usiku pa M1 n'kusokera njira, munthu wodwala misala, kapena woledzera amene wagogoda pakhomo pa eni. Zikadziwika kuti sanali wakuba, munthu amakhala atapita kale. Mfundo yoletsa kumenya ilembedwe koyambirira kwa malamulo a komiti, ndipo aliyense wolondera aivomere pamaso pa anthu.

Koma dandaulo lakuti wakuba amatuluka mawa lake musalinyoze, chifukwa anthu amaziona zimenezi ndi maso awo. Chofunika ndi kuwafotokozera chimene chimachitika. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa afikitsidwe kubwalo la milandu pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopempha belo. Belo sikutha kwa mlandu, komanso belo ya kupolisi ndi yaulere. Milandu yambiri ya kuba imafera panjira chifukwa cha ife eni: mwini katundu akangolandira wailesi yake sabwereranso kukapereka sitetimenti, anthu amene anagwira wakubayo akuti alibe nthawi yopita kukhoti, katundu waumboni wagawidwa kale. Woweruza sangamange munthu wokana mlandu popanda umboni. Apa ndi pamene komiti ili ndi ntchito yeniyeni. Lembani tsiku limene mlandu wakanenedwa, dzina la wapolisi amene akuufufuza ndi tsiku la kukhoti. Perekezani mboni, ndipo ngati ikusowa ya kabaza, itengeni m'thumba la komiti. Achinyamata amene akuwira mtima lerowa akadzaona wakuba mmodzi atalamulidwa kukakhala kundende chifukwa cha umboni wawo, nkhani yothana naye okha idzachepa mphamvu.

Musanayambe kulondera, pitani kupolisi ya Kasungu mukakumane ndi mkulu woona za Community Policing, ndondomeko yoti apolisi ndi anthu a m'dera azigwirira limodzi ntchito ya chitetezo. Ndondomeko imeneyi inayamba m'dziko muno mu 1997, ndipo lamulo la apolisi la 2010 limaivomereza. Pali makomiti kuyambira pamudzi, kwa gulupu, mpaka kwa mfumu yaikulu, ndipo n'kutheka kuti m'dera lanu muli kale komiti ina imene inangozirala. Ngati ilipo, iukitseni m'malo mokhala ndi magulu awiri okanganirana ndalama za anthu amodzimodzi. Tengani amfumu a m'dera lanu ndi khansala wanu. Perekani mayina a olondera kuti apolisi awaunike, pemphani kuti adzawaphunzitse, ndipo mutenge nambala ya foni imene imayankhidwa usiku, osati ya munthu mmodzi yemwe angasamutsidwe mawa. Gulu la anthu oyenda usiku ndi zibonga popanda apolisi kulidziwa, pamaso pa lamulo silisiyana kwenikweni ndi gulu limene mukulisakalo.

Tsopano za magetsi. Apa ndikhalapo pang'ono, chifukwa makomiti ambiri amataya mphamvu zawo pokwiyira chinthu chimene sangachisinthe, n'kusiya chimene akanachikonza sabata yomweyo.

Kuyambira mu 2017, ntchito yopanga magetsi ili m'manja mwa EGENCO ndi makampani ena ochepa, pomwe ESCOM imagula magetsiwo, kuwayendetsa pa mawaya ndi kuwagulitsa kwa inu. MERA ndi imene imayang'anira onsewa. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali kwambiri ndi Kasungu. Madzi akachepa m'nyanja ya Malawi monga zinachitikira mu 2017, kapena matope ndi namasupuni zikatseka makina, dziko lonse limamva. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anasowa mpaka mu 2023. Magetsi a dzuwa a ku Salima, okwana mamegawati 60, amathandiza masana, koma nthawi imene aliyense akuyatsa mababu, kuphika ndi kuonera wailesi yakanema, dzuwa limakhala litalowa. N'chifukwa chake kuthimitsa mosinthana kumakonda kugwera madzulo. Magetsi akachepa m'dziko lonse, mkulu wa ofesi ya ESCOM ya ku Kasungu alibe pamene angawatape, ngakhale mutafika pakhomo pake anthu mazanamazana.

Koma mwanena kuti nthawi zina mumakhala masiku angapo mumdima. Kumeneko sikuthimitsa mosinthana. Kuthimitsa mosinthana kumatenga maola, kumagwira dera lalikulu nthawi imodzi, ndipo ESCOM imalengeza ndandanda yake m'nyuzipepala ndi pa Facebook, madera atagawidwa m'magulu. Kuthimitsa pofuna kukonza mawaya nakonso amakulengezeratu. Mdima wa masiku atatu kapena anayi kawirikawiri umakhala vuto la pamalo: fyuzi yapsa pa thiransifoma, nthambi yagwera pa mawaya, mphenzi yaomba, polo yagwa chifukwa cha chiswe kapena moto wolusa, kapena wina waba china chake. Ndipo chimene chimatalikitsa mdima wotere nthawi zambiri n'chakuti aliyense akuganiza kuti mnzake waimba kale foni, kapena onse akungoti "ndi mwa masiku onse, ayaka."

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Magetsi akathima, imbirani munthu wa dera loyandikana nalo amene ali pa thiransifoma ina. Ngati kwawonso athima ndipo ndandanda ikugwirizana, dikirani. Ngati kwawo akuyaka, vuto ndi lanu, kaneneni nthawi yomweyo. Ngati m'dera lanu lomwelo nyumba zina zikuyaka zina ayi, ndiye kuti yaduka ndi feizi imodzi mwa zitatu zimene zimatuluka mu thiransifoma, ndipo mukawauza zimenezi pa foni, amisiri amabwera akudziwa chimene akudzakonza.

Sankhani anthu awiri okha oti ndiwo azinena mavutowa m'malo mwa dera lonse. Akhale ndi nambala ya mita imodzi kapena ziwiri za m'deralo, nambala yolembedwa pa thiransifoma kapena pa polo ngati ikuoneka, ndi malo odziwika olozera njira, monga tchalitchi, sukulu kapena chigayo. Akanena, apemphe nambala ya dandaulo lawo n'kuilemba. Ndipo inuyo a mlembi, gulani kope lachikuto cholimba. Tsiku lililonse magetsi akathima lembani nthawi imene athima, imene ayaka, ngati zinali pa ndandanda kapena ayi, amene ananena, ndi nthawi imene amisiri anafika. Kutsamba loyang'anana nalo lembani za umbava: tsiku, nthawi, malo, chimene chabedwa, mmene analowera, ndiponso ngati magetsi anali akuyaka. Ndikudziwa kuti pamsonkhano wa anthu okwiya, kope silimveka ngati chida. Koma ikatha miyezi iwiri, kope limenelo lidzakuuzani zinthu zimene palibe mmodzi wa inu akuzidziwa lero. Mwina mudzapeza kuti maokala akuthyoledwa m'bandakucha osati madzulo, kapena kuti nyumba zambiri zikuberedwa masana eni ali kuntchito, kapena kuti fyuzi yanu imapsa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Popanda zimenezi mudzalondera malo olakwika pa nthawi yolakwika, ndipo mukapita ku ofesi iliyonse mudzangonena kuti "zinthu zafika poipa", mawu amene amawamva kuchokera kwa aliyense.

Fyuzi ikamapsa kawirikawiri madzulo, thiransifoma yanu yalemedwa. Inaikidwa nyumba zili zochepa, kenaka anthu anamanga, ena anatsegula malo owotcherera zitsulo, ena akuphikira magetsi, ndipo ena analumikiza mozemba. Lembani kalata yopempha ESCOM kuti idzayeze katundu amene thiransifomayo ikusenza nthawi ya madzulo, ndi kuona ngati nyumba zagawidwa mofanana pa mafeizi atatu aja. Pano pali mfundo yowawa imene muyenera kuilankhula pamsonkhano mosapsatira: amene akuba magetsi m'dera mwanu, kaya polambalala mita kapena pokoka waya kuchokera kwa neba kudutsa pansi pa mpanda, akuthandizira kubweretsa mdima umene mukudandaulawu, ndipo waya wotere ndi umene umapha ana nthawi ya mvula. Komiti imene ikufuna kuti ESCOM iimvere singabise zimenezi.

Za thiransifoma yanu, mwachita mwayi kuti akubawo sanaphule kanthu. Anthu amenewa amafuna kopa wa m'kati, mafuta ake, ndi mawaya a m'munsi, ndipo amakonda nthawi imene magetsi athima chifukwa amadziwa kuti sagwidwa ndi shoko. Choncho ndandanda ya ESCOM imene iwo amawerenga, inunso muiwerenge: usiku umene dera lanu lili pa ndandanda, thiransifoma ndi malo oyamba kuwayang'anira. Ikabedwa kapena kukhetsedwa mafuta n'kupsa, mdima wake si wa masiku atatu, ungathe kukhala wa masabata kapena miyezi podikira ina. Lambulani tchire loizungulira, koma osalowa m'kati mwa mpanda wake. Mabanja oyandikana nayo akhale ndi mawezulo ndi manambala a olondera. Aliyense wobwera kudzakwera polo, ngakhale atavala ovolosi ndi chipewa chantchito, afunsidwe chiphaso mwaulemu, ndipo mmodzi wa anthu anu awiri aja aimbe ku ofesi kutsimikiza ngati atumizadi anthu. Wantchito weniweni sakwiya nazo. Wina akanena kuti musonkhe ndalama m'manja mwake kuti akukonzereni msanga, kanani. Thiransifoma ndi katundu wa ESCOM, ndipo ndalama iliyonse yoyenera kulipira imalipidwa ku ofesi, lisiti n'kuperekedwa.

Musalole "katswiri" wa m'dera kukwera polo kukamanga waya pamalo pa fyuzi yakupsa. Fyuzi imapsa kuti thiransifoma isapse. Mukaikapo waya wonenepa, magetsi ayaka lero, koma tsiku limene katundu adzachuluke idzapsa ndi thiransifoma yonse, mwinanso ndi munthu. Magetsi amabwerera osachenjeza, ndipo waya wogwa pansi muziuona ngati wamoto nthawi zonse: ikani munthu patali kuti azibweza ana ndi ziweto mpaka amisiri afike. Amene ali ndi majenereta aike chosinthira chovomerezeka cholekanitsa jenereta ndi mawaya a ESCOM, chifukwa jenereta yolumikizidwa mwachisawawa ku mawaya a m'nyumba imabweza magetsi ku polo n'kupha mmisiri amene akuganiza kuti waya ndi wozizira.

Chizindikiro chimodzi ndikufuna kuti banja lililonse lichidziwe. Mukaona mababu akuwala mopitirira m'nyumba zina pomwe m'zina akungoti mbuu, kapena akuphulika, n'kutheka kuti waya wa nyutulo, umene umabwezera magetsi ku thiransifoma, waduka kapena wabedwa. Zikatero mphamvu ya magetsi imakwera kupitirira mavoti 230 amene zipangizo zathu zinapangidwira, ndipo mafiriji, mawailesi ndi matchaja amapsa m'kanthawi kochepa. Thimitsani swichi yaikulu nthawi yomweyo, dziwitsani anzanu, kenaka kaneneni. Ngati zinthu zapsa kale musazitaye. Zijambuleni, lembani tsiku ndi nthawi, ndipo komiti ilembe kalata imodzi yokhala ndi mayina a onse okhudzidwa ndi manambala a mita awo. Sindikukulonjezani chipukutamisozi, chifukwa zimatengera chimene chinayambitsa vutolo, koma ngati ESCOM siyankha kapena yankho lake silikukhutiritsani, MERA imalandira madandaulo a ogula magetsi, ndipo kumeneko kope lanu lija lidzakhala umboni. Chizolowezi chabwino n'chakuti magetsi akangothima muzizula mapulagi a zinthu zodula, n'kusiya babu limodzi lokuuzani kuti abwera.

Tibwere kwa olondera. Kulemba anyamata n'kuwalipira si kulakwa, koma kuwasiyira ntchito yonse ndiye kulakwa. Mlonda amene amalandira pang'ono, mochedwa, ndipo palibe amamuyendera usiku, amadziwa nyumba iliyonse imene eni ake achoka ndi geti lililonse losakhoma. Sindikunena kuti aliyense adzagwa m'mayesero, koma si nzeru kumuika pamenepo. Ine ndimakonda kusakaniza: anyamata ochepa olipidwa, odziwika kwawo ndi makolo awo, ounikidwa ndi apolisi, ndipo usiku uliwonse eni nyumba awiri kapena atatu aziyenda nawo mosinthana. Bambo amene wayendako usiku umodzi m'mwezi wa Juni kukuzizira savutanso kupereka msonkho wa chitetezo. Asayende ochepera anayi. Zida zawo zikhale matochi owala bwino, mawezulo, majekete onyezimira, foni ya mayunitsi, ndi majombo ndi malenikoti nthawi ya dzinja. Zikwanje ayi, mowa ayi. Asinthesinthe njira ndi nthawi, ndipo ayendenso m'bandakucha pamene tulo tagwira aliyense. Akakumana ndi gulu la zida, ntchito yawo ndi kuimba wezulo, kudzutsa anthu ndi kuitana apolisi, osati kulimbana nalo.

Muwalembere zimene sayenera kuchita, chifukwa magulu ambiri olondera amadana ndi anthu awo omwe pa zinthu zomwezi. Asatseke msewu, asasechere anthu m'matumba, asalowe m'nyumba ya munthu, asalipitse aliyense chifukwa choyenda usiku. M'dera lanu muli anamwino ochokera ku ntchito ya usiku, a kabaza, amayi olawirira kukapikula tomato ndi masamba, ophunzira ochokera kowerenga. Onsewa ali ndi ufulu woyenda, ndipo olondera abwino amawaperekeza m'malo mowaopseza.

Ndalama ndi zimene zimapha makomiti ambiri, kuposa akuba. Gwirizanani msonkho umene anthu angakwanitse mwezi ndi mwezi, osati umene ukumveka bwino tsiku la msonkhano. A magolosale, zigayo ndi malo omwera apereke yokwererapo, agogo ndi amasiye osowa akhululukidwe koma atetezedwe chimodzimodzi. Kambiranani poyera ngati wopereka ndi mwini nyumba kapena wochita lendi, chifukwa pamenepa pamabuka mikangano. Aliyense wopereka alandire lisiti, kaya wapereka pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo ndalama isatuluke popanda anthu awiri kusayina. Msungichuma awerenge zolowa ndi zotuluka pamaso pa anthu mwezi uliwonse, ngakhale zitakhala zochepa bwanji. Ndipo chonde musalembe zizindikiro pa makomo a amene sanapereke kapena kulengeza kuti nyumba zakutizakuti sitizilondera. Kumeneko ndi kulozera akuba pothyola.

Gulu la pa WhatsApp ndi lothandiza likakhala ndi malamulo. Likhale la chenjezo ndi zidziwitso zokha. Maliro, malonda ndi ndale zipite kwina, apo ayi uthenga wofunika udzamira. Musaikepo zithunzi za anthu ongoganiziridwa, njira za olondera, kapena uthenga wakuti "tachokapo, mutionerekeko nyumba." Uthenga wotere uuzeni neba mmodzi ndi wapampando basi, chifukwa simudziwa amene akuwerenga foni ya mnzanu. Kumbukiraninso kuti mdima ukatalika mafoni amatha moto, netiweki imavuta, ndipo si onse ali ndi foni ya intaneti. Wezulo satha batire. Gwirizanani kaimbidwe ka wakuba ndi ka moto, muyeserere tsiku lina masana kuti ana ndi agogo omwe akadziwe, ndipo mugwirizanenso kuti likamveka, amuna asathamangire onse kumodzi n'kusiya nyumba zawo zopanda munthu.

Pali anthu amene pamsonkhano waukulu salankhula, koma ndi amene akudziwa malo oopsa a m'dera lanu kuposa wina aliyense. Magetsi akathima nthawi yaitali, mapampu a Central Region Water Board nawonso amavutika, mipope imauma, ndipo amayi ndi atsikana amadzuka kudakali mdima kupita ku mjigo kapena kuchitsime. Khalani nawo paokha, mayi mnzawo akutsogolera zokambirana, muwafunse njira zimene amaopa. Adzakutchulirani kanjira ka kumanda, nyumba yosamaliza imene anyamata amasutiramo chamba, kamlatho, munda wa chimanga umene watseka njira mwezi wa Febuluwale. Zambiri mwa izi zimatheka ndi makasu ndi zikwakwa Loweruka limodzi, kapena ndi mawu a amfumu kwa mwini puloti. Wina akachitidwa chipongwe, nkhaniyo isakambidwe pa bwalo la komiti kapena kuthetsedwa ndi mbuzi. Aperekezedwe kuchipatala mwamsanga, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndiponso ku Victim Support Unit ya kupolisi. Pachifukwa chimenechi, komiti yopanda amayi pa maudindo ake enieni ndi yoperewera.

Ngati mupeza ndalama yogulira chinthu chimodzi chachikulu, gulani nyale za sola. Sizidalira ESCOM, ndipo zimayaka usiku womwewo umene mukuzifuna. Yambani ndi malo amene amayi atchula ndi pafupi ndi thiransifoma. Imikani mapolo anuanu, osapachika pa mapolo a ESCOM, ndipo dziwitsani khonsolo ya tauni ya Kasungu musanakumbe m'mbali mwa msewu. Ziikeni pamwamba, wowotcherera azitchingire ndi zitsulo, chifukwa nazonso zimabedwa. Pogula funsani za batire, popeza zotchipa zambiri zimawala bwino madzulo n'kuzima pakati pa usiku, nthawi yomwe akuba akuyamba ntchito. Kuunikira misewu ndi udindo wa khonsolo, choncho perekani pempho lanu kudzera kwa khansala kuti lilowe m'mapulani a chitukuko, ndipo phungu wanu alandire kalata yomweyo. Izi zimatenga nthawi, n'chifukwa chake kanyale kamodzi ka sola pakhonde la nyumba iliyonse imene ingakwanitse n'koyambira kabwino.

Mdima umaphanso popanda wakuba. Kandulo yosiyidwa pafupi ndi neti kapena katani, mbaula yamakala yolowetsedwa m'chipinda chotseka m'miyezi yozizira, jenereta yolizidwa m'nyumba poopa kuti ibedwa, petulo wosungidwa m'zigubu kuchipinda: zonsezi muzitchule pamsonkhano uliwonse. Utsi wa makala ndi wa jenereta umagonetsa munthu osadzukanso, ndipo mpweya wake woopsawo sununkha.

Ndiyeno funso limene anthu sakonda kulimva: katundu wobedwa m'dera mwanu amagulidwa ndi ndani? Wailesi yakanema, batire la sola kapena foni yogulitsidwa pa mtengo wozizira usiku imathera m'nyumba ya munthu wina wa m'tauni momwemo, mwinanso wopereka msonkho wa chitetezo mokhulupirika. Kulandira katundu wobedwa ndi mlandu pawokha. Limbikitsani mabanja kulemba manambala a zipangizo zawo n'kusunga malisiti. Nambala yozindikiritsa chipangizo cha foni chenichenicho, yotchedwa IMEI, imaoneka mukaimba *#06#. Za ogula zitsulo zakutha amene akulandira mawaya a kopa, uzani apolisi mwakachetechete, osapita nokha kukasecha. Muzikumbukiranso nyengo: msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndalama zimayenda ndipo akuba amatsatira, pomwe Januwale ndi Febuluwale, njala itafika pachimake, kumachuluka kuba nkhuku, mbuzi ndi chimanga chachiwisi. Olondera achuluke m'miyezi imeneyi.

Za zionetsero, ndi ufulu wanu, ndipo lamulo limafuna kuti mudziwitse bwanamkubwa molemba kudakali maola osachepera 48 zionetserozo zisanachitike, apolisi n'kulandira kope la kalatayo. Koma ine sindingayambire pamenepo. Zionetsero sizionjezera madzi mu Shire, ndipo zikalowereredwa ndi anthu ofuna kuthyola mashopu, mlandu udzagwera amene anaziitanitsa. Yambani ndi kuitana. Ikatha miyezi iwiri mukulemba m'kope, lembani kalata yosayinidwa ndi wapampando, amfumu ndi khansala, yoitana mkulu wa ESCOM wa ku Kasungu ndi mkulu wa Community Policing ku msonkhano umodzi m'dera mwanu. Atumizireni mafunso pasadakhale kuti abwere ndi mayankho. Olankhula akhale atatu okha, atagwira kope m'manja, ndipo apemphe zinthu zimene anthu amene abwerawo angathe kuzivomera pomwepo: tsiku lodzayeza thiransifoma, kudula nthambi zimene zayandikira mawaya mvula isanayambe, kusintha mapolo amene mwawalemba kuti aola, kukweza kapena kutchingira mawaya a m'munsi mwa thiransifoma, nambala yotsimikizira ngati anthu obwera usiku ndi antchito awo, ndi masiku amene apolisi angayende limodzi ndi olondera anu. Chilichonse chimene avomera chilembedwe pamodzi ndi tsiku lake, onse asayine, ndipo aliyense atenge pepala lake. Tsikulo likadutsa popanda chochitika, lembaninso kalata yokumbutsa mutamatapo pepala losayinidwalo. Ikapanda kuyankhidwa, za magetsi zipite ku ofesi ya ESCOM ya chigawo chapakati ku Lilongwe ndi ku MERA, za chitetezo zipite kwa mkulu wa polisi ya Kasungu, ndipo khansala wanu akazidzutse pa msonkhano wa khonsolo.